Hilux, Isuzu kapena Hardbody: mpamba wanu muukweze pa iti?

Abale anzanga a m'misika, m'tauni muno muli mikangano ina imene siitha. Wa ndale umazizira chisankho chikadutsa, wa Bullets ndi Wanderers umapuma ligi ikatha, koma wa mapikapu ulibe tchuthi. Pitani mbandakucha pamene amatsitsira katundu ku Limbe, ku Ndirande, pa Tsoka ku Lilongwe kapena pa msika wa Mzuzu, mukapeza madalaivala atatsamira magalimoto awo, kapu ya tiyi kumanja, wina akulumbira kuti kunja kuno kulibe yoposa Hilux, wina akuti Isuzu ndiye mwamuna, winanso akuseka kuti nonsenu ndinu ana poti simunagwirepo chiwongolero cha Hardbody.

Kwa iwowo ndi macheza odikirira kuti kuche. Kwa inu amene madengu anu ali kumbuyo kwa galimotoyo si macheza ayi. Pikapu ikafa panjira, dalaivala amataya tsiku limodzi, mawa adzukanso. Inu mumataya mpamba. Tomato sadikira makaniko, mapeyala akupsa sadikira, nsomba zaziwisi za ku Mangochi ndiye tisanene. Tsono funso loti pikapu yolimba ndi iti ndi lanu kuposa la madalaivala, ngakhale ambiri mwa inu simudzakhalapo pa chiwongolero.

Ine nkhaniyi inandipeza kudzera mwa azakhali anga, amene amagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera m'madengu awo. Gulu lawo la banki m'khonde, amayi 12, linatopa ndi kuhayala galimoto za eni, ndiye linagwirizana zosonkha kwa zaka ziwiri kuti ligule pikapu yakale koma yakeyake. Ndalama itayandikira kukwana anandiitana. "Iwe mwana wa achimwene, paja umalemba m'nyuzi. Pita ukatifunsire kwa odziwa, usadzatigulitse chitini." Ndinazungulira m'magalaji, ndinakhala pansi pa mitengo ya mango ndi amakaniko manja ali bii ndi oyilo, ndinawerenganso zimene ndikanatha kupeza. Zimene ndinapeza ndi izi, ndipo sindikulipidwa ndi kampani ina iliyonse, mundimvetse.

Tiyambe ndi mfumu imene aliyense amaigwadira. Toyota idayamba kupanga Hilux mu 1968, ndipo zina zimene timaziona kuno zimapangidwira ku Prospecton, mu Durban ku South Africa, zina ku Thailand. Mbiri yake si yabodza. Mu 1987 asilikali a dziko la Chad adathamangitsa asilikali a Libya, eni akasinja ndi ndege, iwo atakwera mapikapu a Toyota, mpaka nkhondoyo anthu adaitcha dzina la galimotoyo. Mu 2003 anyamata a pulogalamu ya Top Gear pa kanema wa BBC adagula Hilux yadizilo ya 1988 ndi cholinga choti aiphe. Adaimiza m'nyanja yamchere, adaiyatsa moto, mapeto ake adaikweza padenga la nyumba yosanjikizana imene inkagwetsedwa ndi mabomba. Makaniko atabwera ndi masipanala ake wamba, osasintha chitsulo chilichonse, injini idalira. Madalaivala a Hilux nkhani imeneyi amaikamba ngati kuti iwo analipo.

Koma amakaniko anandiuza china chimene madalaivala sachitchula. Kulimba kwa Hilux m'Malawi muno theka lake lili m'chitsulo, theka linalo lili pa mabenchi a mu msika wa Ndirande ndi m'mashopu a ku Malangalanga. Hilux imawonongeka ngati galimoto ina iliyonse, kungoti ikawonongeka siigona panjira. Ithyoke sipiringi pa Lizulu, pa Jenda kapena pa Liwonde, mupeza mnyamata woti anaimasulapo kambirimbiri, ndipo sipeyala ngati palibe pomwepo ibwera pa minibasi dzuwa lisanalowe. Kwa munthu wa katundu woola, chimenechi ndiye chuma. Galimoto yofa kamodzi pachaka n'kukhala milungu itatu kudikira chitsulo chochokera kunja ndi yoipa kuposa yofa katatu koma n'kudzuka tsiku lomwelo.

Vuto lake mukulidziwa kale: mtengo. Hilux yoti yayenda zaka makumi awiri, mipando itang'ambika, chitseko chotsekera ndi waya, mwini wake amatchula ndalama ngati akugulitsa nyumba ku Namiwawa. Mumalipira dzina. Mbava nazo zimaikonda pa chifukwa chomwe inu mukuikondera, poti ikaphwasulidwa zitsulo zake sizichedwa pamsika. Ndipo musamve zoti ilibe chilema. Magazini ina ya ku Sweden yotchedwa Teknikens Värld idaiyesa mu 2007, n'kudzaiyesanso mu 2016, poikhotetsa mwadzidzidzi monga amachitira dalaivala akamazemba nyama pamsewu, ndipo maulendo onse awiri idanyamula matayala, kutsala pang'ono kugubuduka. Imeneyotu inali yatsopano, pa msewu wosalala, katundu wake woyezedwa bwinobwino. Nanga yathuyi, imene madengu amasanjikizidwa mpaka kupitirira denga, amayi atatu n'kukhala pamwamba pake, mbuzi n'kudumphira mumsewu pa Manjawira?

Palinso nkhani ya injini, ndipo apa pokha mumvetsere ngakhale mukupatsa kasitomala chenji. Hilux si imodzi. Pali zakale za dizilo, zolembedwa 2.4, 2.8 kapena 3.0, zimene pampu yake ya mafuta imayenda ndi zitsulo basi, popanda kompyuta. Ndiye pali zimene zidabwera kuyambira 2005, zolembedwa D-4D, ndi zina za pambuyo pake. Zatsopanozi n'zamphamvu, zothamanga, zosawononga mafuta, koma dizilo amakankhidwa mwamphamvu zedi kudutsa m'timabowo ta mainjekita tating'ono ngati tsitsi. Kadontho ka madzi, kafumbi, kapena dizilo wosakaniza ndi palafini, zimenezi zimapha mainjekita, ndipo mtengo wa mainjekita anayi ungathe kudya phindu la miyezi ingapo. Tsono kumbukirani mizere ya mafuta ya 2011 ndi 2012, kumbukiraninso imene idayamba mu 2022. Mafuta akasowa pa filingisiteshoni dalaivala wanu sakhala pansi, amakagula wa m'zigubu kuseri kwa msika, woti palibe akudziwa kumene wachokera. Injini yakale imatsokomola n'kumeza. Yatsopano imakomoka. Izi sizikukhudza Toyota yokha, ndi matenda a injini zonse zamakono za dizilo, kaya ndi za kampani iti. Ndipo kuchokera pamene Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, chitsulo chilichonse choitanitsa kunja chimaluma kuposa kale.

Isuzu ndi mwana wa m'nyumba ina. Kampaniyi ntchito yake yeniyeni ndi malole ndi injini za dizilo, ndipo pikapu yake imamveka ngati kamwana ka lole. Kwa zaka zambiri timaidziwa ndi dzina loti KB. Inkalumikizidwa ku Port Elizabeth, mzinda umene kuyambira 2021 ukutchedwa Gqeberha, pansi pa General Motors. Kampani ya ku America imeneyi itachoka ku South Africa mu 2017, Isuzu idatenga fakitaleyo mu 2018, ndipo dzina loti KB lidasinthidwa kukhala D-Max. Imene amakaniko amaitchula ndi ulemu ndi KB 250 yadizilo yakale ija. Imalira ngati chigayo, pokwera phiri ikalemedwa mwana wa panjinga angathe kuitsanzika, koma mafuta imamwa ngati munthu wodziwa kuti mawa kulinso tsiku, ndipo makaniko wina wachikulire anandiuza kuti injini yake amaitsegula ikakalamba, osati ikadwala. Mtengo wake wogulira nthawi zambiri umakhala pansi pa wa Hilux ya msinkhu womwewo. Masipeyala m'mizinda ikuluikulu alipo, koma mukafera kutali ndi tauni mudikira kuposa mnzanu wa Toyota. Ine mtima wanga, kunena zoona, unapendekera kuno.

Nissan Hardbody, imene pambuyo pake idalembedwa NP300, ndi bwenzi la munthu wa thumba lochepa. Inkapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, ndipo idakhala zaka zambirimbiri osasintha maonekedwe, zomwe zidachititsa kuti zitsulo zake zichuluke. Ija ya dizilo ya 2.7 injini yake mkati imayendera magiya m'malo mwa lamba, ndiye nkhani yoti lamba waduka n'kuphwanya injini simuimva. Pa kunyamula ndi kupirira misewu yokumbika, palibe makaniko anainyoza.

Koma dzina lakuti Hardbody, thupi lolimba, lidachita manyazi mu 2018. Bungwe la Global NCAP, limene limagula galimoto zatsopano n'kuziwombetsa dala kuti lione mmene anthu a m'kati angapulumukire, lidawombetsa NP300 Hardbody pa liwiro la makilomita 64 pa ola. Pa nyenyezi zisanu zimene amapereka poteteza akuluakulu, idapeza ziro. Mutu wa galimoto udapindika ngati chitini cha sobo chopondedwa ndi ng'ombe. Mu 2020 bungwe lomwelo lidaiwombanitsa maso ndi maso ndi Navara yakale yogulitsidwa ku Ulaya, ya kampani yomweyo, ndipo ya ku Ulayayo idateteza dalaivala wake pamene ya ku Africa idalephera. Zimandiwawa ndikaganiza kuti wina adakhala pansi mu ofesi n'kuona kuti kwa ife chitsulo chopyapyala n'chokwanira. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mawu oti kulimba ali pawiri. Pali kulimba kosafa panjira, palinso kulimba kosapha anthu. Pamsika timakamba koyambako kokha. Ndipo ngati wa kutsogolo, womanga lamba, ali pa ngozi yotere, inu a pamwamba pa matumba nyenyezi zanu n'zakumwamba zokha.

Land Cruiser sinditayapo nthawi yambiri. Mtundu wa 70 udayamba mu 1984, ndipo pikapu yake ya injini ya 4.2 ya masilinda asanu ndi imodzi ndiyo imene mabungwe ndi oyang'anira nkhalango amadalira kumene msewu umathera. Pa zonse zimene ndatchula, yolimba kwenikweni ndi imeneyi, palibe mkangano. Koma mtengo wake ngakhale yakale ndi wa nduna, mafuta imapapira, ndipo katundu amene inganyamule sasiyana kwenikweni ndi wa zinzake. Ngati mumakaoda mbatata ya kachewere m'mapiri m'kati mwa dzinja, kumene matope amafika m'mawondo, mwina masamu angatheke. Ngati geni yanu ili m'mbali mwa tala, mukulipira mphamvu zimene simudzazigwiritsa ntchito.

Ford Ranger ndi yokongola, yamphamvu, ndipo m'kati mwake mumakhala ngati muli pabalaza la abwana. Imapangidwa ku Silverton, ku Pretoria. Amakaniko a pansi pa mtengo amaiyang'ana chapatali, chifukwa zamagetsi zachuluka ndipo matenda ambiri amafuna kulumikiza kompyuta kuti adziwike. Koma Ranger inandiphunzitsa chinthu choseketsa pa mkangano wa maina uja. Mazda BT-50, mpaka 2020, kunsi kwake inali pachibale ndi Ranger. Kuyambira 2020 ndi Isuzu D-Max yovala malaya ena. Volkswagen Amarok yatsopano imapangidwa ndi Ford, mu fakitale yomweyo ya Silverton. Ndiye mukamva madalaivala awiri atsala pang'ono kuvulana malaya, wina akuti Mazda, wina akuti Isuzu, n'kutheka kuti akukanganira mwana mmodzi wa maina awiri.

Anyamata a mafoni akuluakulu anandionetsanso zimphona za ku America: Ford F-250 ndi F-350, Ram 2500, Chevrolet Silverado HD. Kumeneko ndiye kwawo kwa mapikapu onyamula zolemera, a injini za malita 6.6 ndi 6.7, otha kusenza matani awiri, ena mpaka atatu, n'kumakokanso ngolo ya ng'ombe kumbuyo. Azungunso amakangana ngati ife. A Ram amanyadira injini ya Cummins imene idayamba kuikidwamo mu 1989. A Chevrolet amanyadira Duramax, imene idatuluka mu 2001 mu fakitale ya ku Ohio imene General Motors idamanga mogwirizana ndi Isuzu yomwe ija. A Ford amanyadira Power Stroke, ngakhale ija ya malita 6.0 ya pakati pa 2003 ndi 2007 idavuta mpaka nkhani zidakathera kukhoti, ndipo kuyambira 2011 Ford idayamba kudzipangira yokha injini ya 6.7. Toyota nayo kumeneko idalawa zowawa: mu 2016 idavomera kulipira ndalama zofika madola 3.4 biliyoni chifukwa cha dzimbiri limene linkadya chasesi cha mapikapu ake a Tacoma ndi Tundra ndi galimoto zina. Palibe dzina loyera. Koma zimphona zimenezi zisiyeni ku Texas komweko. Chiwongolero chili kumanzere, mafuta zimamwa ngati lole, ndipo ikafa pa Zalewa mukhoza kufunsa msika wonse wa Ndirande, benchi ndi benchi, osapeza ngakhale fyuluta yake.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Hilux, Isuzu, Hardbody, Ranger, zonsezi zidapangidwa kuti zinyamule pafupifupi tani imodzi. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo dalaivala, wothandizira wake ndi inu eni katundu mumawerengedwa momwemo. Nanga ndi liti munaona pikapu ikuchoka pa Lizulu ndi matumba 20 okha? Timakweza 30, 35, ena mpaka 40, kumbuyo kutakhala pansi, mphuno itayang'ana kumwamba ngati galu wonunkhiza nyama. Mwini galimoto amakawonjezera masipiringi awiri kapena atatu mbali iliyonse, galimoto n'kuimirira mowongoka, iye n'kumati waipatsa mphamvu. Sanaipatse kanthu. Wangobisa kulira kwake. Mabuleki ndi omwe aja, mabering'i a matayala akumbuyo ndi omwe aja, difu ndi yomwe ija, matayala ndi omwe aja, ndipo chasesi, chitsulo cha msana wa galimoto chija, tsopano chikulandira nkhonya zonse zimene masipiringi ofewa akanameza. Potsetsereka pa Chiweta, pa Khwekhwelere kapena potsikira ku Chikwawa, mabuleki opangidwira tani imodzi akamagwira matani awiri amatentha, ndipo akatentha phazi limangolowa pansi.

Ndinaziona ndi maso ndili Fomu 3, patchuthi, nditaperekeza azakhali kokaoda. Tinanyamuka ku Ntcheu madzulo pa pikapu yohayala, amayi asanu ndi katundu wawo, ndipo dalaivala anaimanso kawiri panjira kuwonjezera matumba a anthu ena. Dzina la galimotoyo silikufunika, chifukwa ngakhale ikanapangidwa ndi angelo sikanafika. Titadutsa Chingeni, cha ku Phalula, tinamva kununkha kwa chitsulo chopsa, kenaka phokoso, kenaka tayala lakumbuyo linatuluka ndi chitsulo chake chomwe, galimoto n'kukhala pansi. Mwayi tinali pa liwiro lochepa. Tinagona pomwepo. Dalaivala anapita ku Blantyre m'mawa kukafuna chitsulo, anabwera dzuwa litapendeka, ndipo amene mumakudziwa kutentha kwa dera limenelo mwezi wa October mukudziwa chimene chinachitikira madengu apansi. Madzi ofiira ankadontha m'mbali mwa galimoto, ntchentche zili ng'waa. Azakhali sanalire. Anangokhala pa mwala, chitenje kukamwa, kuwerenga ndi zala. Kuti ayambirenso anatenga katapila, ndipo teremu imeneyo ine ndinapita kusukulu mochedwa ndi milungu itatu. Dalaivala uja ndalama ya hayala anali atalandiriratu.

Choncho ngati geni yanu yakula moti ulendo uliwonse ndi matumba 40, musafunse kuti pikapu yolimba ndi iti. Palibe. Inu mwakula msinkhu wa kalole, Canter, Dyna kapena Isuzu Elf, ka matayala awiriawiri kumbuyo, kamene kadabadwira ntchito imeneyo. Mitengo yake yakale nthawi zina siitalikirana kwenikweni ndi ya Hilux yabwino, kungoti sikapatsa ulemu pa ukwati. Ulemuwo m'mene ambiri amagwera. Munthu amagula double cab, ya mipando iwiri, kuti Lamulungu azinyamula banja kutchalitchi, osaona kuti mpando wakumbuyowo wadya malo a madengu angapo ulendo uliwonse. Ya geni ndi single cab, ya kumbuyo kwakutali, basi.

Pogula yakale, dzina limatsika mtengo, chimene chimakwera ndi mbiri ya galimoto imeneyoyo. Hilux yozunzidwa zaka khumi pa matola ndi yofooka kuposa Hardbody imene inkanyamula abusa. Ndiye amakaniko anandipatsa malangizo amene ndikukupatsirani ulere. Pitani ndi makaniko wanu, womulipira inuyo, osati amene wogulitsa wakupezerani. Pitani m'mamawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotopa imabisa matenda ikatenthedwa. Yozizira ikamavuta kulira kapena kutulutsa utsi woyera kapena wabuluu wosatha, bwererani. Tsegulani radiyeta isanatenthe, muone ngati madzi ali ndi oyilo kapena akutulutsa thovu injini ikulira. Manambala a makilomita musawakhulupirire, amabwezedwa. Penti yonyezimira isakutengeni mtima, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yalani chitenje pansi, makaniko alowe kunsi ndi tochi, inunso musuzumire, ayang'ane chasesi makamaka pamwamba pa matayala akumbuyo ndi pamene mutu wa galimoto umakumana ndi kumbuyo. Mukaona poti adawotcherera, kapena chigamba cha chitsulo chopakidwa phula lakuda latsopano, galimoto imeneyo idathyokapo msana, ndipo idzathyokanso pomwepo. Werengani masipiringi, akachuluka kuposa mmene idabadwira, mwadziwa ntchito imene inkagwira. Pomaliza mapepala: bulubuku igwirizane ndi manambala a pa chasesi ndi pa injini, ndipo ngati idalowa kuchokera kunja, kaya pa Songwe, pa Mwanza kapena pa Dedza, muone umboni woti msonkho wa MRA udalipidwa, kuopa kudzalandidwa galimoto mutakongoletsa kale.

Amayi aja nditawafotokozera zonsezi pakhonde, anandifunsa kuti tsono iweyo ukuti chiyani. Ndinawauza mosazungulira. Ndalama ikakhalapo yokwanira, ndipo maulendo anu ndi ofika kumidzi yakutali, Hilux single cab ya injini yakale ya dizilo, chifukwa cha masipeyala. Ndalama ikaperewera, ndipo njira yanu ndi ya tala, Isuzu KB 250, n'kusunga yotsalayo. Hardbody pokhapokha ngati idzanyamula katundu yekha, dalaivala wake wosathamanga, eni katundu n'kumatsatira pa minibasi. Anakangana masabata awiri, mapeto ake anagula Isuzu, ndipo ndalama yotsala anagula matayala anayi atsopano, ina n'kuitsekera m'bokosi la gulu kuti ikhale ya matenda a galimoto. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mkangano waukulu sunali wa dzina la galimoto ayi, unali wa dalaivala. Aliyense anali ndi mphwake kapena mkamwini wodziwa kuyendetsa. Amayi apampando anadula mlandu kuti wachibale ayi, poti wachibale akalakwa sungamuchotse popanda maliro kunyumba. Analemba m'kope lawo kuti matumba asapitirire 20, matola panjira ayi, dizilo wa m'zigubu ayi, ndipo ulendo uliwonse mayi mmodzi azikhala kutsogolo pambali pa dalaivala kuwerenga. Azakhali akuti lamulo la zigubu ndi limene limavuta kusunga mafuta akasowa, moti kangapo galimoto yagona pakhomo anzawo akuoda.

Akuluakulu amatiuza, ife obadwa matipate itafika kale, kuti kale mfumu ya msewu inali Peugeot 404 ndi Datsun, ndipo panalibe amene ankaganiza kuti zidzatha. Lero kwabwera alendo ena. Mahindra ya ku India idatsegula malo olumikizira mapikapu ake ku Durban mu 2018, GWM ya ku China idalowa msika wa South Africa mu 2007, ndipo apo ndi apo mumaziona m'misewu yathu. Mitengo yake ndi yokopa, ndipo Mahindra maonekedwe ake ndi a galimoto yoti siiopa ntchito. Sindikuzinyoza. Ndinangochita kamayeso kanga kakang'ono: ndinayenda mu msika wa Ndirande kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, kufunsa mabering'i ndi mabuleki a magalimoto amenewa. A Hilux anandionetsa ndisanamalize kulankhula. A Isuzu anatuma mwana kukatenga kwa mnzawo. A alendowa anyamata ankayang'anizana, wina n'kunena kuti siyani ndalama bwana, tikuitanitsirani, mubwere Lachisanu la sabata yamawa. Tsiku limene ndidzawapeze atapachikidwa pa msomali, ndidzabwera kudzakuuzani pa tsamba lomwe lino.